Zero Delay USB: Paketi Yotchipa Yomangira Joyisitiki ya Arcade

Paketi ya Zero Delay, yomwe imapezeka pa AliExpress ndi Amazon, imabwera ndi kabolodi kakang'ono kolumikiza joyisitiki ndi mabatani ku kompyuta, chingwe cha USB, joyisitiki imodzi, mawaya ndi mabatani, kawirikawiri 10. Bokosi mulibe, mukhoma nokha. Kuwotcherera sikufunika, chifukwa waya aliyense ali kale ndi pulagi yake.

Pa Windows ndi pa Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) yokhala ndi RetroPie, pulogalamu yoseweretsa magemu akale, kabolodika kamagwira pompopompo, kopanda madiraiva. Pa Linux kamaoneka ndi dzina loti DragonRise Generic USB Joystick. Musanagwire chiboolero, lumikizani zonse patebulo, mutsegule joy.cpl, poyesera majoyisitiki pa Windows, ndi kudina batani lililonse, kuti lakufa lidziwike msanga. Pa PS4, PS5 ndi Xbox musadzivutitse, sikagwira. Kumeneko pamafunika mabolodi ena ngati a kampani ya Brook.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pathabwa. Mabatani otengera a Sanwa a ku Japan amafuna bowo la mamilimita 30, aang'ono a Start ndi Select 24, pamene a mtundu wa Happ wa ku America amafuna 28. Ogulitsa salemba izi momveka nthawi zonse, choncho yezani batani lili m'manja. Onaninso magwiridwe ake. Ongokankhira m'bowo ali ndi timano tiwiri tomwe timaluma pamwamba popyapyala, mamilimita 2 mpaka 4. Pa thabwa la MDF la mamilimita 18 timanoti sititulukira kunsi, ndipo batani limazuka masewera ali m'kati. Ngati thabwa lanu ndi lochindikala, gulani mabatani omanga ndi nati, apo ayi pamwamba pakhale akiliki kapena chitsulo. Poboola ikani chidutswa cha thabwa kunsi kuti bowo lisanyenyeke potulukira.

Joyisitiki nayo ili ndi zake. Bowo la mamilimita 24 limakwanira, koma mtengo wake uyenera kutuluka pamwamba mamilimita 23 kapena 24. Mukangoimangirira kunsi kwa thabwa lochindikala, kampira kake kamatsala pang'ono kukhudza thabwa ndipo dzanja limasowa pogwira. Semani kunsiko pokhala mbale yake yomangirira. Pulagi yake ili ndi mapini 5: imodzi yogawana, zinayi za mbali. Ikalowa chozondoka, mbali zina zimafa. Koma ngati mukukankhira m'mwamba munthu wa m'gemu n'kumapita kumanzere, waya alibe mlandu, joyisitikiyo ndiyo yakhala chotembenuka.

Chomwe kapepala ka m'paketi sikanena n'chakuti pa ma Zero Delay ambiri mabatani amagawana waya wa magetsi wa 5V, osati wa ground (negetivu) monga mabolodi ena. Batani lililonse lipite ndi mawaya ake awiri, ndipo musasakanize bolodiyi ndi ina pamabatani omwewo. Timapulagi ta mawaya tilinso tamitundu iwiri: mamilimita 2.8 a mabatani a Sanwa, 4.8 a maswichi a Happ. Mukamanga ya anthu awiri ndi mabolodi awiri, onse amaoneka ndi dzina limodzi, ndiye pa RetroPie wosewera woyamba ndi wachiwiri amatha kusinthana mukayatsanso makina.

Dzina loti Zero Delay, kutanthauza kuti palibe kuchedwa mukadina batani, ndi la malonda chabe. Kuchedwa kulipo, kungoti pa Pac-Man kapena Metal Slug simungakumve. Wofuna mipikisano ya Street Fighter kuli bwino atenge kabolodi ka Raspberry Pi Pico n'kuikamo pulogalamu ya GP2040-CE.

Kwa woyamba kumene, paketiyi ndi yoyenera ndalama zake chifukwa cha bolodi ndi mawaya. Chofooka ndi joyisitiki: sipuling'i yake ndi yofewa, mtengo umagwedera pakati, ndipo mbali zopingasa zimaphonyeka mukamathamanga. Ikakutopetsani, joyisitiki yeniyeni ya Sanwa JLF imagwiritsa ntchito pulagi yomweyo ya mapini 5. Ingoyezani kaye mabowo a masikuluwu, chifukwa mbale zotengera sizifanana zonse.