Mkhalapakati amene khoti linatipatsa titasiyana ndi bambo a ana anga

Banja lathu linatha chaka chatha, koma mkangano weniweni unabwera pambuyo pake: ana awiri, nyumba yosamaliza kumanga ku Mchengautuwa, ndi njinga yamoto yakabaza imene tinagula pangongole. Ankhoswe anakhala pansi katatu osaphula kanthu. Akuchimuna ankangobwereza zoti malowolo anaperekedwa kale, ndiye ana ndi akwawo ku Ekwendeni. Amalume anga ochokera ku Dedza nawo ankati kwathu mwana ndi wakuchikazi. Palibe amene anafunsa kuti fizi ya teremu ikubwerayi alipira ndani.

Titafika kukhoti, a majisitireti anati tiyambe takambirana ndi mkhalapakati, zimene tagwirizanazo tibwere nazo zolembedwa. Ndinapita monyinyirika.

Mayi amene tinawapeza sanafune kumva kuti analakwa ndani. Bambo a ana atayamba kukumba zakale, anawadula modekha: "Bambo, banja linatha kale. Lero tabwerera ana." Ine nditakweza mawu anandidulanso chimodzimodzi, ndipo apo m'pamene ndinayamba kuwakhulupirira. Anatifotokozera kuti lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limapereka udindo wosamalira mwana kwa makolo onse awiri, ndipo chimene khoti limayang'ana ndi ubwino wa mwanayo. Pa za katundu anatchula gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino, loti banja likatha mkazi ayenera kupeza gawo loyenera pa katundu amene anali wa onse awiri. Ine ndinkaganiza kuti poti pepala la puloti lili m'dzina la bambowo, matumba a simenti amene ndinagula ndi ndalama za kaunjika anangolowa m'madzi.

Chimene sindidzaiwala ndi kope la mayiwo lachikuto cholimba. Anatipatsa cholembera kuti tilembe tokha zimene ana amafuna pamwezi: ufa, makala, sopo, yunifolomu, mankhwala a mphumu a wamng'onoyu, amene amavutika kwambiri kukazizira mu Juni ndi Julaye muno mu Mzuzu. Bambo a ana anayang'ana mndandandawo nthawi yaitali osayankhula, kenako anafunsa chapansipansi ngati nsapato za sukulu zafikadi pamtengo umenewo. Sankadziwa, chifukwa zaka zonsezi wogula ndinali ine.

Tinagwirizana kuti ana azikhala ndi ine nthawi ya sukulu, patchuthi azipita kwa agogo awo ku Ekwendeni. Ndalama bambowo azitumiza pa Airtel Money pasanafike pa 5 mwezi uliwonse, kuti uthenga wa pafoni uzikhala umboni. Njinga ndi ngongole yake anatenga iwo, nyumba tidzagulitsa n'kugawana.

Zodandaula zilipo. Tsiku lina mayiwo anasintha nthawi osatiimbira foni, ine nditatseka kale benchi langa kumsika. Komanso nkhani ya nyumba anaithamangitsa, sitinalembe tsiku loigulitsira, ndipo mpaka pano yangokhala. Mukamapita, tengani malisiti onse amene muli nawo, ndipo musasaine kanthu kopanda deti.

Pepala lathu tinabwerera nalo kukhoti ndipo linasanduka chigamulo. Mwezi watha ndalama zinachedwa ndi masiku anayi. Ndinangolijambula pafoni n'kuwatumizira bambowo pa WhatsApp, ndipo madzulo ake zinalowa.