Rolling mill yanga yotchipa, patatha chaka ndi miyezi ingapo

Mnzanga wina wopanga ndolo za mikanda, yemwe amaoda kwa ine ngowe ndi timphete, wandifunsa ngati n'kwanzeru kuti nayenso agule rolling mill yonga yangayi. Funsolo landipeza makinawo ali chigonere pabenchi, giya imodzi ya pamwamba itathothoka dzino. Choncho mukamva kaukali m'mawu angawa, dziwani kuti kakuchokera pamenepo. Akanandifunsa miyezi ingapo yapitayo ndikanamuuza kuti asachedwe, akagule.

Kwa amene simunaionepo, rolling mill ndi makina a marola awiri achitsulo cholimba kwambiri, ina pamwamba pa inzake. Umalowetsa siliva kapena kopa pakati pake n'kupukusa handulo, chitsulocho n'kutulukira kuseri chitapyapyala komanso chitatalika. Mbali imodzi ya marolawo ndi yosalala, yopangira mashiti. Mbali inayo ili ndi timizere tokumbika totulutsa waya wa makona anayi, amene pambuyo pake umamukoka pa drawplate (chitsulo chokhala ndi timabowo ta masaizi osiyanasiyana) kuti akhale wobulungira. Yanga ilibe dzina lodziwika. Nthawi imene ndinkagula, zopangidwa ndi Durston ya ku England kapena Pepetools ya ku America zinali zodula kangapo kuposa imeneyi, ndipo thumba silinkalola.

Mudziwenso mtundu wa ntchito yanga, chifukwa ndi umene wakulitsa vuto limene kwa wina silingaoneke n'komwe. Ine sindigulitsa kwenikweni ndolo kapena zibangiri zomalizidwa. Ndimapangira anzanga zoti akamalizire ntchito zawo: ngowe za ndolo, timphete tolumikizira, zotsekera mikanda, ndi timadisiki toti adindepo zilembo kapena maluwa. Zambiri ndi za siliva wa 925 (siliva magawo 925 pa 1000 alionse), zina za kopa ndi brass (kopa wosakaniza ndi zinki). Wopanga mphete imodzi akalakwitsa pang'ono amakonza ndi tupa, palibe angadziwe. Wogulitsa timadisiki 50 toyenera kufanana alibe pobisala. Wogulayo amatiyala patebulo, natenga vernier, kachipangizo koyezera kukhuthala.

Zabwino zake ndinene mwachidule. Marola ndi olimba ndithu, mpaka lero alibe chipsera. Giya yochepetsa mphamvu ya 4:1 imapangitsa handulo kupepuka, moti ukhoza kupukusa masana onse phewa osadandaula. Thupi lake ndi lolemera, ndipo ukalimanga ndi mabawuti pabenchi siligwedera. Timizere ta waya tilibe vuto bola uzitembenuza wayayo nthawi iliyonse ukamulowetsanso, ndipo usathinitse kwambiri kamodzin'kamodzi, apo ayi amamera timapiko m'mbali timene timadzasenda ukamakoka. Dzimbiri silinabwere, koma umenewo ndi mwambo wa oyilo ndi nsalu yophimbira, si ulemu wa makina.

Chimene chinandisangalatsa mosayembekezera ndi nkhani ya zotsalira. Aliyense wodula siliva ali ndi kabotolo ka tizidutswa: m'mphepete mwa shiti modulidwa madisiki, timichira ta waya, ngowe zopindika molakwika. Kale kabotoloka kankangodzaza, ndipo kukagulitsa kwa oyenga kunali kotayitsa, chifukwa iwo amagula pansi pa mtengo wa pamsika, pamene waya watsopano umagula pamwamba pa mtengowo poti mumakhalanso ndalama ya kapangidwe. Umaluza uku ndi uku. Makinawa atabwera ndinayamba kusungunula tizidutswato ndi tochi ya moto wa gasi, ndi ufa woyeretsa chitsulo chosungunuka wotchedwa borax pang'ono, n'kuthira m'kachikombole. Siliva wa 925 amasungunuka pafupi ndi madigiri 890, kutsikirapo poyerekeza ndi siliva weniweni amene amafuna 962, choncho tochi yabwino ya gasi ndi okosijeni imakwanitsa. Kandodo kotulukamo ndimakatsuka kuti borax yense achoke, popeza akauma amakhala ngati galasi ndipo angakande marola. Kenako n'kupyapyalitsa pang'onopang'ono.

Apa pali lamulo limene makina aliwonse, odula kapena otchipa, sangakuchotsereni. Chitsulo chikamapsinjidwa chimauma, ndipo ukachiumiriza chimang'aluka m'mbali. Usanafike pochepetsa theka la kukhuthala kwake, uyenera kuchifewetsa ndi moto mpaka chifiire mwakachetechete m'chipinda cha mdima pang'ono, cha m'ma 600 mpaka 650 pa madigiri, kuchiviika m'madzi, kuchitsuka mu asidi wofooka, n'kuchiumitsa kuti gwa chisanayandikire marola. Tizidutswa tokhala ndi solder, chitsulo chomatira polumikiza, ndimatisunga patokha, chifukwa tikasakanikirana siliva wako salinso 925 ngakhale udinde nambalayo.

Tsiku limene ndinakoka waya wa 0.8 mm woyamba kuchokera m'kabotolo kaja, n'kupinda naye ngowe zimene kasitomala analipira, ndinayamba kuwaona makinawa ngati wantchito mnzanga. Ngowe za ndolo zimafuna kukula kumeneko, kumene ena amati 20 gauge. Zikakula zimapweteka khutu, zikachepa zimawongoka ndolo ikalemera. Tsopano ndinkatha kupanga saizi iliyonse usiku womwewo osadikira katundu wa paoda. Palinso china. Makasitomala ambiri amafunsa ngati m'ngowe muli chitsulo cha nickel, chifukwa anthu ochuluka amatupa naye makutu, ndipo ku European Union kuli malamulo kuyambira 1994 oletsa zovala pathupi kutulutsa nickel wopitirira muyezo. Ukadziwa kuti m'chikombole mwako mwalowa siliva magawo 925 ndi kopa magawo 75 basi, umayankha mtima uli m'malo.

Tsopano vuto lija.

Pamwamba pa makinawa pali chogwirira chokwezera ndi kutsitsira rola ya pamwamba. Chogwiriracho chili ndi giya yapakati imene imazunguza magiya awiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo iliyonse yakhala pa sikuluwu yake yokankha rola. Masikuluwu awiriwo akayenda mofanana, mpata wa pakati pa marola umafanana kuyambira uku mpaka uko. Pa yangayi giya ya kumanzere inabwera yokhwepa pamutu pa sikuluwu yake. Ukazunguza chogwirira, ya kumanja imayamba kutsika ya kumanzere ikadaganiza. Kusiyanako n'kochepa moti ndi maso sungakuone. Shiti ndi imene imaulula: mbali yopsinjika kwambiri imatalika kuposa inzake, ndipo chitsulo chimatuluka chitakhota ngati uta.

Kukhotako pakokha si tsoka, ukhoza kutembenuza shiti n'kuilowetsanso kuti iwongoke. Tsoka ndi kukhuthala. Shiti yoyenera kukhala 0.6 mm ponseponse inkatuluka 0.6 mbali ina, pafupifupi 0.7 mbali inayo. Kasitomala wina wodinda zilembo ndi amene anayamba kudandaula, mwaulemu ndithu. Anati madisiki ena akamenya hamala chilembo chimalowa bwino, ena chimatulukira kuseri, ndipo ndolo ziwiri za peyala imodzi zikumveka zosiyana kulemera m'manja. Sankanama. Ndinamupangiranso oda yonse ulere.

Werengani nokha. Siliva amagulidwa polemera. Disiki ya 0.7 ikulemera kuposa ya 0.6 ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Ngati mtengo ndinawerengera pa 0.6, gawo limenelo ndikungopereka mphatso, ndipo wolandirayo sakuthokoza, akudandaula.

Kukonza kwake ndinakuphunzira mpaka kukuloweza. Umachotsa giya yapakati kuti masikuluwu aziyenda paokha. Umatenga timawaya tiwiri ta kopa wofewa tofanana, kamodzi kumapeto uku, kena uko, n'kupukusa, n'kuyeza ndi vernier. Mbali yokhuthala umaitsitsa pang'ono, n'kuyesanso ndi timawaya tina, mpaka manambala agwirizane, kenako n'kubwezera giya yapakati mosamala kuti mano asasunthe kanthu. Pa makina abwino ntchito imeneyi ndi ya kamodzi pakanthawi. Pa yangayi imagwira mashiti ochepa chabe, ndipo ukangolowetsa kandodo kokhuthala kapena brass, yemwe ndi wouma kuposa kopa, mpata umasokonekeranso. Ndinayesa kumangitsa kasikuluwu kogwira giya, ndinayesa guluu wa mabawuti, ndinayesa kupanikiza kachitsulo kopyapyala pokhwepapo. Chilichonse chinkathandiza masabata angapo. Mapeto ake kuyeza ndi timawaya kunasanduka chiyambi cha tsiku lililonse la mashiti, ndipo nthawi imeneyo palibe kasitomala amailipira.

Masiku a waya ndinkayiwala zonsezi, chifukwa waya akadutsa pa drawplate bowo ndi limene limalamula saizi, osati marola. Ndiye maganizo anga pa makinawa ankasintha malinga ndi oda ya sabata imeneyo. Ikakhala ya ngowe ndi timphete, ndinkawatamanda kwa aliyense. Ikakhala ya madisiki, ndinkayang'ana mitengo ya ena pa intaneti mpaka usiku.

Dzino lathothoka pa giya yomweyo ya kumanzere. Poti inali yokhwepa, mano ake sankalumana bwino ndi a giya yapakati, ankangogundana kunsonga, ndipo chitsulo cha magiyawa si cholimba ngati cha marola. Pothothokapo pakuoneka timabowo ta mpweya, chizindikiro chakuti giyayo inachita kuumbidwa m'chikombole mosasamala.

Za wogulitsa ndiye zimene zandiwawa kuposa dzinolo. Za kukhwepa ndinamuuza miyezi yoyambirira, waranti ikadali ndi moyo. Anayankha kuti makina onse amatero, ndingowayanjanitsa, nanditumizira kanema wa makina a kampani ina. Nditabwereranso ndi zithunzi za vernier, anafunsa ngati sindinalowetse chitsulo cha mtundu wa steel. Marola opanda chipsera ndi umboni wokwanira kuti ayi, koma yankho limenelo silinabweretse kanthu. Dzino litathothoka anati waranti inatha, zomwe n'zoona, koma vuto lobala kuthothokako analidziwa kalekale ndipo mauthenga onse ndili nawo. Titakokanakokana anavomera kutumiza giya, ine ndilipire zotumizira. Inafika. Mano ake ndi ochuluka kuposa a yakale, bowo lake n'lalikulu, ndi ya makina amtundu wina. Pano akuti afunsa kufakitale. Sindikunena kuti munthuyu ndi wakuba, makina anatumiza ndipo anafika bwino. Kungoti amagulitsa katundu amene sakumudziwa, ndipo alibe sipeya ngakhale imodzi pashelefu.

Ndafunsa kwa wosema zitsulo pa lathe kuti andipangire magiya onse atatu ndi chitsulo chabwino, olowa mothina. Mtengo umene wanena, kuphatikiza zotumizira giya yolakwika ija, siliva wa oda yobwereza ndi maoda amene ndabweza sabata zino, ukufikitsa makina otchipawa pafupi ndi mtengo wa aja ndinawathawa. Komabe chilungamo n'chakuti kabotolo ka zotsalira kanabweza ndalama yogulira kalekale, mwina chaka chisanathe. Sindinaluze. Kungoti phindu limene ndinkaliwerengera ngati langa likubwerera m'makina momwemo.

Ndiye kwa mnzanga uja ndi ena onga iye ndinene motere. Ngati mukufuna waya wa ngowe zanu, timphete tanu, kapena kudinda maluwa a lesi ndi masamba ouma pa kopa wofewetsedwa, makina otchipa akukwanirani, ndipo kusiyana kwa 0.1 mm simudzakumva. Tsiku lofika gwedezani magiya a pamwamba ndi dzanja. Ikapezeka yokhwepa, bwezani sabata yomweyo, musalole kuuzidwa kuti onse amatero. Ndipo musanalipire, funsani wogulitsa mtengo wa magiya atatu a pamwambawo ngati sipeya, akuuzeni molemba. Akayamba kuzungulira, pitani kwina.

Ngati mukugulitsa mashiti kapena madisiki kwa opanga anzanu, amene adzakuyezeni ndi vernier, sungani ndalama mpaka zikwane makina a kampani yogulitsa masipeya poyera. Ineyo ndilipira wa lathe uja chifukwa maoda a ngowe akudikira, ndipo makinawa akadzuka akhala a waya okhaokha. Ndalama yotumizira giya yolakwika ija ndamulembera wogulitsayo kuti andibwezere. Uthengawo akuonetsa kuti anawerenga.