Audacity: kupulumutsa nyimbo yakale ya pa kaseti

Nyimbo yomwe woimba anajambula pa kaseti asanatchuke, yokumbukira ubwana ndi mayi ake, imaliritsa omutsatira chifukwa mawu ake ndi osakonzedwa. Audacity, pulogalamu yaulere, imaisamutsira bwino pa kompyuta. Lumikizani wailesi ya kaseti ndi chingwe cha 3.5 mm pa bowo la kompyuta la Line In, osati pa la Mic (la maikolofoni), poti pamenepo mawu amasweka. Mu Audacity, jambulani pa mlingo wojambulira (sample rate) wa 44,100 Hz, pomwe mawu akwera kwambiri pasapitirire -6 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, musunge ngati fayilo ya WAV.

Pofunika kusamala ndi pa Noise Reduction, chida cha mu Audacity chochotsera phokoso. Sankhani kaye kagawo kopanda kuimba kuti pulogalamuyo izindikire phokoso. Mukachotsa lochuluka, kupyola 12 dB, woimba amamveka ngati ali m'madzi, ndipo kunjenjemera kwa mawu komwe kumagwetsa anthu misozi kumatayika. Kaphokoso pang'ono kasiyeni. Mawu akamamveka otsekeka, vuto si pulogalamu: pukutani mutu wa wailesi (kachitsulo komwe kamawerenga tepi), mujambulenso.