Kuwedza pa Päijänne: kuboola ayezi kapena kukwera boti?

Mnzanga wina wongofika kumene mu mzinda wa Lahti anandifunsa kuti, "Achimwene, ndigule chiyani kuti nanenso ndiyambe kuwedza?" Pa nyanja ya Päijänne kuno ku Finland njira zotchuka zilipo ziwiri, koma thumba lake n'losiyana kutalitali.

Yoyamba ndi imene eni dziko amati pilkki. Nyanja ikaundana umayenda pamwamba pake, n'kuboola dzenje ndi chiboolero chamanja, kenako n'kukhala pa ndowa yovundikira. Ndodo yake ndi yaifupi ngati mthiko. Kunsonga kwa chingwe kuli kachitsulo konyezimira ndi kambedza kokolekapo mphutsi. Ukatsitsa umangoti kwezu, n'kusiya, kwezu, n'kusiya. Nsomba imene imadya kawirikawiri ndi ahven, yamizeremizere ija, nsomba imene dziko lino limainyadira. Ikakhala chete mphindi khumi, nyamuka ukaboole pena. Mphutsi ndimazisunga m'thumba la mkati mwa jekete, chifukwa zikaundana sizigwedezekanso ndipo nsomba imangozidutsa.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti ndi yaulere. Lamulo la Finland limalola aliyense, ngakhale mlendo, kuwedza ndi pilkki kapena ndi mbedza ya nyongolotsi popanda chiphaso. Koma ayezi sachita naye masewera. Ndisanaponde ndimafuna ayezi wolimba, woonekera mkati ngati galasi, wosachepera masentimita 10, ndipo m'khosi ndimavala tizisonga tiwiri todzikokera nato ukagwera m'madzi. Pafupi ndi milatho ndi pamathiriro a mitsinje ayezi amapyapyala, pewanipo. Januwale ndi wankhanza, zala zimafa dzanzi ndipo mdima umagwa 4 koloko isanakwane. Malichi ndiye mwezi wake: dzuwa lawala, ayezi akadali wochindikala, khofi ali m'fulasiki.

Yachiwiri ndi ya m'chilimwe, kuponya kapena kukoka nyambo yopanga uli pa boti. Nyambo zopanga za kampani ya Rapala zinabadwira pa nyanja yomweyi. Lauri Rapala anasema yoyamba mu 1936, n'kuikuta ndi pepala lonyezimira la chokoleti. Nsomba za njira imeneyi ndi zazikulu, hauki wa mano ngati singano ndi kuha wokoma uja. Hauki akagwira, ndodo imapindika mpaka mtima kugunda, zomwe kadzenje ka pilkki sikakupatsa kawirikawiri.

Vuto ndi ndalama. Ngati uli ndi zaka 18 mpaka 69 uyenera kulipira msonkho wa boma wosamalira nsomba, ndipo umenewo ukuloleza ndodo imodzi yokha. Ukafuna kukoka zingapo, chilolezo china chimachokera kwa eni madziwo. Kuha wosakwana muyeso wololedwa ndi lamulo amabwerera m'madzi, ngakhale ndiwo kunyumba kulibe. Onjezerapo boti, mafuta ndi nyambo zimene zimakodwa m'miyala n'kutsalira konko. Ine tsiku lina ndinataya ziwiri, n'kubwerako ndi zilonda za udzudzu zokha.

Ndiye mnzangayo ndinamuuza kuti boti aliiwale kaye, adzakwera la mnzake wa kuntchito mu Juni. Panopa agule chiboolero chakale kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito, kandodo kamodzi, tizisonga ta m'khosi ndi nsapato zotentha zokulirako pang'ono, zoti masokosi awiri aubweya alowe. Ndowa ndinamubwereka yanga.