Ecstasy, euphoria kapena elation: tisankhe liti?

Mnzanga ankalembera mlongo wake uthenga m'Chingerezi mwana wa mlongoyo atakhoza mayeso a MSCE, ndipo anaona kuti liwu loti happy likuchepa. Mawu a chimwemwe chosefukira alipo angapo, koma kulemera kwake n'kosiyana.

Lolemera kuposa onse ndi ecstasy. Gwero lake ndi Chigiriki, ekstasis, kutanthauza kuima kunja kwa iwe mwini, ndipo linafika m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa. Ndi chimwemwe chija mayi amavina osadziwa kuti chitenje chamasuka, nsapato imodzi yatsala m'mbuyo. Kale linkanenanso za munthu wotengeka m'pemphero. Ku Rome kuli chosema cha mmisiri wa ku Italy, Bernini, chosonyeza Teresa Woyera wa ku Avila, mutu uli chagada, maso ali pafupi kutsinzina, pakamwa pali yasa. Chondimvetsa chisoni n'choti kuyambira m'ma 1980 dzinali linapatsidwanso mankhwala ozunguza bongo a MDMA. Mukamalembera akuluakulu, nenani kuti muli ecstatic, limeneli silikayikitsa.

Euphoria nalonso ndi la Chigiriki: eu ndi bwino, pherein ndi kunyamula. Linayamba ngati liwu la madokotala, ponena wodwala amene akumva kupepukidwa, ndipo mpaka lero kumbuyo kwake kumamveka kuti chimwemwecho sichikhalitsa. Kumbukirani pa 25 January 2022 ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, Gabadinho Mhango atamenya mpira uja kuchokera kutali n'kugoletsa Morocco. Anthu analumpha m'mabala ndi m'nyumba, ena kukumbatira anthu osawadziwa. Imeneyo ndiyo euphoria, ndipo masewerowo anatha 2-1 Flames itagonja. Pa ukwati kapena pobadwa mwana, ine sindingalilembe.

Rapture musalikhudze msanga. Limachokera ku Chilatini, kukwatulidwa, ndipo opemphera ambiri akalimva aganiza za mkwatulo. Jubilation limafuna gulu ndi phokoso, nthungululu ndi ng'oma, munthu mmodzi sangalikwanitse.

Ine mtima wanga uli pa elation. Nalo ndi la Chilatini, elatus, kukwezedwa m'mwamba. Munthu amayenda mopepuka, mapewa atakwera, koma nzeru zili m'malo mwake, ndipo limakwanira pamene chinthu chimene unachivutikira chatheka. Mlongo uja anagulitsa mandasi zaka zinayi kuti apeze fizi, ndiye ndinamuuza mnzangayo kuti alembe elated.