Alps kapena Pyrenees: mupalase kuti ndi wotsogolera?

Maulendo onse awiri a panjinga, wa kumapiri a Alps ndi wa kumapiri a Pyrenees, ndi a ku France, ndipo amatenga pafupifupi sabata. Galimoto ya kampani yokonza ulendowo imanyamula zikwama, inu n'kumangopalasa.

Wa ku Alps nthawi zambiri umatsata msewu wotchedwa Route des Grandes Alpes, kuchokera m'tauni ya Thonon-les-Bains kukafika kunyanja ya Mediterranean, makilomita pafupifupi 700. Wa ku Pyrenees umayambira m'tauni ya Hendaye, kunyanja ya Atlantic, kukathera ku Cerbère, kunyanja ya Mediterranean, mtunda wake wofananako.

Kutalika kwa mapiri: ku Alps mudutsa pampata wa pamwamba pa mapiri wotchedwa Col du Galibier, mamita 2,642, pomwe mpweya umayamba kuchepa. Ku Pyrenees, mpata wa Col du Tourmalet uli pa mamita 2,115.

Zitunda: apa m'pamene pali nkhani. Za ku Alps n'zazitali koma zimakwera mwapang'onopang'ono, moti ukapeza liwiro lako umangolisunga. Za ku Pyrenees n'zazifupi koma zachinyengo: pano pagonako, pakhota potsatira paima chilili. Miyendo imatopa msanga ndi zimenezi kusiyana ndi kutalika.

Msewu: ku Alps ndi wotakasuka koma wodzaza magalimoto ndi njinga zamoto m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Ku Pyrenees ndi wopapatiza, wa phee, ngakhale potsetsereka mungakumane ndi nkhosa.

Nyengo: chipale chimatseka misewu ya pamwamba ku Alps mpaka cha mu Juni. Kumadzulo kwa Pyrenees kumakonda mvula ndi nkhungu.

Mtengo: malo ogona ku Alps amakonda kudulirapo. Funsani kampaniyo ngati mtengo wa ulendowo ukuphatikiza chakudya chamadzulo ndi makaniko.

Woyamba kumene maulendo otere ndingamuuze asankhe Alps, bola atenge njinga ya magiya opepuka. Pyrenees ikuyenera wozolowera zitunda amene safuna phokoso la magalimoto.