Mlongoti wa kamera wa kuseri kwa zigoli: ndi wabwino, koma muguliretu matumba a mchenga

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimajambula vidiyo ku timu ya mpira wa ku America ya pa koleji ina yaing'ono ya mu Division III, gawo lachitatu la masewero a makoleji ku America, m'chigawo cha Midwest. Ndalama zogulira mlongotiwu zinachokera ku dipatimenti ya zamasewera, koma amene timaunyamula, kuuimika, kuupasula ndi kuulalatira mphepo ikayamba ndife awiri, ine ndi mnzanga, ndiye ndikuona kuti ndemanga ndi yathu kulemba. Tinayamba nawo pa zokonzekera za mu Ogasiti dzuwa likuswa mtengo, n'kufika nawo ku masewero omaliza a mu Novembala zala zitauma ndi chisanu.

Amene mpirawu simuudziwa bwino mungadabwe kuti munthu angatayirenji madola masauzande angapo pa chitsulo chongoimika kamera. Nkhani yake ndi iyi. Mpira wa ku America umaseweredwa moduladula. Osewera 11 uku, 11 uko, amaima moyang'anizana, mpira ukangoperekedwa pamakhala chipwirikiti cha masekondi owerengeka, wina n'kugwetsedwa, onse n'kukaimanso pamzere. Nthawi zambiri timu imakhala ndi masekondi 40 okha kuti iyambe kachigawo kotsatira, kamene timati play. Makochi sangaone zonse ndi maso, choncho play iliyonse amaifuna itajambulidwa kuchokera mbali ziwiri. Kamera yoyamba imakhala m'mbali mwa bwalo, pamwamba pa chipinda cha atolankhani, ndipo imaonetsa osewera onse 22. Yachiwiri imakhala kuseri kwa zigoli, kuyang'ana bwalo m'litali mwake. Yachiwiriyi ndi imene kochi wa offensive line, osewera akutsogolo otchinga adani timu ikakhala ndi mpira, amayamba kufunsa Lamlungu m'mawa, chifukwa ndi yokhayo imene imaonetsa mipata ya pakati pa osewera akutsogolo: ndani anaponda phazi molakwika, ndani anachedwetsa dzanja, ndani anatsegula njira imene quarterback wathu, woponya mpira, anagwetsedwera. Kamera imeneyi ukaiika pansi umangojambula misana ndi matako a anyamata olemera makilogalamu oposa 120. Iyenera kukwera.

Masitediyamu akuluakulu ali ndi mipando yokwera kuseri kwa zigoli, wojambula amangokakhala pamwamba. Kwathu kuseri kwa zigoli kuli udzu, mpanda ndi malo oimika magalimoto basi. Kale, ndipo m'makoleji ena mpaka lero, njira inali yokweza wojambulayo pamodzi ndi kamera yake pa makina aja okwezera anthu m'mwamba, scissor lift. Pa 27 Okutobala 2010, ku yunivesite ya Notre Dame ku Indiana, wophunzira wa zaka 20 amene ankajambula zokonzekera za timu anamwalira makina otere atagwetsedwa ndi mphepo yothamanga mamailosi oposa 50 pa ola. Nthambi ya boma la Indiana yoona za chitetezo cha pantchito inalipiritsa yunivesiteyo chindapusa, ndipo mu 2011 Notre Dame inaika makamera pa mapolo ataliatali m'mabwalo ake okonzekerera, owayendetsa ali pansi. Aliyense wa ntchito yathuyi anaimvapo nkhani imeneyi. Ndiye zodandaula zonse zimene ndilembe m'munsimu muziwerenge mukudziwa kuti chachikulu mlongotiwu umachikwanitsa: kamera imapita m'mwamba, ine n'kutsala mapazi ali pa udzu. Mphepo ikaugwetsa, koleji idzalira kamera, mayi anga sadzalira mwana.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Ndi mapaipi a aluminiyamu olowetsana, umawatulutsa limodzilimodzi n'kumanga ndi zomangira zake mpaka utafika pafupifupi mamita 9. Pansi pali miyendo yotambasuka. Pamwamba pali kamutu kamene umamangirirapo kamera, ndipo kamutuko kamalumikizidwa ndi zingwe ku chogwirira chimene chili pafupi ndi chifuwa chako. Ukakankha chogwiriracho kamera imawerama kapena kudzuka, ukapotoza mlongoti imacheuka. Pali sikirini yaing'ono yoonera zimene kamera ikuona, ndi rimoti yoyambitsira kujambula ndi kukokera chithunzi pafupi. Mulibe injini, mulibe pulogalamu yofuna kusinthidwa pa intaneti tsiku la masewero, ndipo zimenezi ndimazitenga ngati ubwino. Anthu awiri ozolowera amauimika m'mphindi zosakwana 20. Munthu mmodzi akhoza, koma ayambe msanga ndipo asakhale wamanyazi kupempha wina kuti agwire miyendo.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kufewa kwa chogwirira. Ntchito ya kamera ya kuseri kwa zigoli ili ndi kachitidwe kake. Play isanayambe umakoka chithunzi kuti chidzaze osewera akutsogolo onse, ndi kampata pang'ono mbali zonse. Umayamba kujambula osewera akamaima pamzere, osati mpira utaperekedwa kale, chifukwa makochi amafuna kuona mmene timu inaimira ndi amene anasuntha. Mpira ukaponyedwa patali umatsegula chithunzi pang'onopang'ono uku ukudzutsa kamera, n'kuzimitsa woyimbira akaliza wezulo. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, ndipo zimabwerezedwa koposa 100 pa masewero amodzi. Chogwirira cholimba kapena chodumphadumpha chimakupatsa chithunzi chonjenjemera, ndipo kochi amene akubwereza play imodzimodziyo kakhumi m'chipinda chamdima amayamba kumva chizungulire n'kukuitanitsa. Ichi chimayenda mofewa, ndipo chili ndi kotembenuza kochepetsera kapena kuwonjezera kulimba. Kamera ukaisiya pamalo imakhala pomwepo, siwerama yokha.

Tsopano mphepo. Wogulitsa amalemba kutalika konse kwa mlongoti ngati kuti udzaufikitsa pamenepo tsiku lililonse. Ku Midwest kuno, kumene minda ya chimanga ikakololedwa mu Okutobala mphepo imabwera popanda chotchinga, masiku otere ndi ochepa. Ukatulutsa mapaipi onse kukuwomba kamphepo ngakhale kapakatikati, nsonga imawerama uku ndi uko ngati nsungwi. Ndi maso kugwedezekako kumaoneka kochepa, koma bwalo la mpirawu ndi lalitali mayadi 120 kuphatikiza ma end zone awiri (malo ogoletsera a kumapeto kwa bwalo), pafupifupi mamita 110, ndipo timu ikakhala kutsidya linalo umakoka chithunzi mpaka kumapeto kwa mphamvu ya lenzi. Pamenepo kugwedezeka kwa chala chimodzi kumwambako kumakhala chivomerezi pa sikirini. Chimene timachita ndi kusiya paipi yomaliza, yopyapyala kwambiri ija, ili m'kati, n'kutulutsa enawo mosafikitsa kumapeto kuti azigwirana mokwanira. Timataya mamita awiri kapena kuposerapo, koma chithunzi chimakhazikika, ndipo mamita 7 amakwanabe kuona mipata ya pamzere. Mtanda wa zigoli uli pa mafiti 10, mamita atatu okha, choncho kamera imakhalabe pamwamba pake patali.

Matumba a mchenga sabwera m'bokosi. Apa m'pamene nyenyezi yachisanu yagwera. Kabuku ka malangizo kamanena kuti miyendo ilemedwe nthawi zonse, zomwe ndi zoona, koma munthu amene walipira ndalama zonsezi amatsegula bokosi Lachisanu n'kupeza kuti sangaugwiritse ntchito bwino Loweruka asanathamangire ku sitolo ya zomangira nyumba. Matumba opanda kanthu okha, oti tikathiremo mchenga tokha, akanawadyera ndalama zingati? Ife timaika thumba pa mwendo uliwonse ndi lina pakati, ndipo pa udzu weniweni timakhomanso zikhomo. Pa udzu wochita kupanga sungakhome kanthu, woyang'anira bwalo angakudye wamoyo, ndiye pamenepo matumba amafunika owirikiza.

Sikirini nayo ndi yofooka padzuwa. Masewero ambiri a Division III amayamba masana, ndipo mbali imodzi ya bwalo dzuwa limamenya pa sikirini mpaka umangoona nkhope yako. Kachipewa kotchinga kamene anaikamo n'kakafupi. Mnzanga anadula katoni n'kuimata ndi tepi yakuda, ndipo katoniyo yagwira ntchito kuposa kachipewako. Ena amadzifunditsa thaulo kumutu pamodzi ndi sikirini, koma ine sindikulangizani. Kuseri kwa zigoli n'kumene mipira ya field goal, yomenyedwa ndi phazi kuloza ku zigoli, imagwera, ndiponso wosewera wothamangira mpira kumapeto kwa end zone saona mlongoti. Maso ako ayenera kumachoka pa sikirini nthawi ndi nthawi. Pa chifukwa chomwecho, imikani mlongoti patali ndi mzere womaliza, ndipo muone kaye pamene ukonde wotchinga mipira umakwezedwera, chifukwa ukakwera patsogolo pa lenzi kamera imayamba kuyang'ana ukondewo n'kusiya osewera ali mbuu. Zimitsani autofocus, yochititsa kamera kudzisankhira yokha choti ionetse bwino, muike nokha.

Za mabatire ndinene mwachidule. Kukazizira amatha msanga, ndipo batire ya kamera ili kumwamba, kutanthauza kuti kuisintha n'kutsitsa mlongoti wonse. Gulani yaikulu kwambiri imene kamera yanu imalola, muisinthe pa nthawi yopuma ngakhale ikuonetsa kuti ikadali ndi moto. Khadi losungira vidiyo chimodzimodzi.

Zingwe ndiye mtima wa chida chonsechi, ndipo n'zimene zimayamba kutopa. Chingwe cha HDMI chimatsika kunja kwa mapaipi pamodzi ndi cha rimoti, ndipo mukamatsitsa mothamanga chimapanikizika pa zomangira. Chathu chinayamba kuthimathima pakati pa nyengo. Ndinalembera kampani, anayankha tsiku lomwelo, ndipo china chinafika masewero otsatira asanakwane, osalipiritsa. Pamenepo ndiwayamikire. Komabe khalani ndi chingwe chapadera m'chikwama, chifukwa tsiku la masewero palibe amene angakutumizireni kanthu m'mphindi 10. Kapulagi kolowa mu kamera ndi kakang'ono kwambiri, muzikamangirira ndi tepi ku chogwirira cha kamera kuti kulemera kwa chingwe chonse kusakokere pa kabowo kaja.

Funso limene anthu a makoleji ena amandifunsa tikakumana ndi lakuti kodi chimalumikizana ndi Hudl. Mlongoti sudziwa za Hudl, ntchito yake ndi kukweza kamera. Masewero akatha timatenga makhadi a makamera onse awiri, n'kulowetsa mu Hudl, pulogalamu ya kampani ya ku Lincoln ku Nebraska imene makoleji ang'onoang'ono ndi masukulu a sekondale ambiri amagwiritsa ntchito, n'kulumikiza play iliyonse kuti ya m'mbali itsogole, ya kuseri kwa zigoli itsatire. Kenako timalemba ODK, kusiyanitsa ma play a offense (tili ndi mpira), defense (tikutchinga) ndi kicking (omenya mpira ndi phazi), usiku womwewo, chifukwa vidiyoyo imayeneranso kutumizidwa kwa matimu amene tikukumana nawo kutsogolo monga mwa pangano la ligi. Apa rimoti ya mlongoti ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Ikaphonya kamodzi, kamera ya m'mbali n'kukhala ndi ma play 140 pamene yanga ili ndi 139, kulumikiza konse kumasokonekera kuyambira pamenepo, ndipo wina amakhala mpaka pakati pa usiku kufufuza pamene panadumphidwa. Rimoti iyi imamva bwino, kungoti batani lake ndi laling'ono kwa munthu wovala magolovesi. Ndimayang'ana kadontho kofiira pa sikirini nthawi iliyonse ndikadina.

Kuyambira mu 2024, malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a makoleji, amalola matimu kuonera vidiyo ya masewero omwewo pa matabuleti ali m'mbali mwa bwalo, mpaka matabuleti 18 pa timu. Ngati koleji yanu ikufuna zimenezi, chithunzi cha pa mlongoti chikhoza kupita kumeneko, koma mufunika kachipangizo kogawa HDMI pawiri ndi zida zotumizira, zomwe ndi ndalama zina. Zimenezi zasinthanso ntchito yathu mwanjira ina: kale ukajambula molakwika unkamva Lamlungu, pano umamva mphindi yomweyo.

Kunyamula: chikwama chake ndi chachitali ndipo n'cholemera. Chimalowa pansi pa basi ya timu bwinobwino, koma m'galimoto yaing'ono mpaka mugonetse mipando. Matayala ake amayenda pa simenti, pa miyala ndi pa udzu wonyowa umangochikoka ngati alibe. Masitediyamu ena amene timapitako, kuchokera pamene basi yaima kukafika kuseri kwa zigoli ndi ulendo, ndipo matumba a mchenga aja nawonso amafuna wowanyamula. Pezani ngolo yaing'ono. Musaganizenso zosamutsa mlongoti matimu akasinthana mbali kumapeto kwa kota (masewerowa amagawidwa panayi), nthawi yake siikwana. Sankhani mbali imodzi, makamaka imene dzuwa lidzakhale kumsana kwanu, mukhale komweko, ndipo kamera ikhale ya optical zoom yosachepera 20, kutanthauza lenzi yokokera chithunzi pafupi maulendo 20.

Mphezi musachite nayo masewera. Ichi ndi chitsulo cha mamita 9 pabwalo lopanda mitengo, ndipo inu mwachigwira ndi manja awiri. Oyang'anira akaimitsa masewero chifukwa cha ziphaliwali, lamulo lake ndi kudikira mphindi 30 kuchokera pa chomaliza, koma ife sitidikira kuti atiuze. Mitambo ikayamba kuda timatsitsiratu, chifukwa kutsitsa kumatenga nthawi, ndipo si ntchito yoti uziichita kumwamba kukung'anima.

Amene amajambula mpira wamiyendo akhoza kuugwiritsa ntchito atauimika pakati m'mbali mwa bwalo, koma adziwe kuti kumeneko kulibe kupuma kwa pakati pa ma play. Mphindi 45 ukupotoza mlongoti osalekeza, mapewa amamva. Makamera odzijambulira okha amene abwera masiku ano amachita bwino pa ntchito imeneyo. Kwa mpira wa ku America ndikanasankhabe mlongoti wa pamanja, chifukwa kochi wathu amafuna chithunzi chothina pa osewera akutsogolo mpira usanaperekedwe, ndipo amasintha maganizo pakati pa masewero. Amatumiza mwana kudzandiuza kuti kota ino nditsatire ma linebacker, osewera a defense oima kumbuyo kwa mzere wakutsogolo, ndipo ndimangoweramitsa chogwirira pang'ono basi.

Kwa a kampani, ngati mumawerenga ndemangazi: ikanimo matumba, talikitsani kachipewa ka sikirini, ndipo zomangira mapaipi zikhale zoti munthu wovala magolovesi akhoza kumasula. Mu Novembala timachita kuvula magolovesi kuti titsitse mlongoti, ndipo aluminiyamu wa pa chisanu cha ku Midwest amaluma.